Kodi kukhululukira alamu anga kukutanthauza kusiya nkhani ya bwato la ana?

Funso, lotumizidwa mosatchula dzina:

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha malangizo kwa inu amene mumawadziwa bwino Malemba. Ine ndine mayi wamasiye, ndimakhala cha ku Malindi kuno ku Mangochi. Amuna anga ankagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndalama zimene ankatumiza tinagulira bwato, injini ndi ukonde wa chilimira, zomwe zinkatidyetsa ndi kulipirira ana sukulu. Atamwalira, tisanamete n'komwe, alamu anga, akulu awo a malemuwo, anatenga zonsezo ponena kuti akusungira ana. Kufikira lero pakhomo panga sipanafike ngakhale beseni limodzi la usipa, ndipo mwana wanga woyamba analekezera Fomu 2. Bwatolo ndimaliona padoko m'mawa asodzi akutsitsa nsomba, lidakali ndi penti yabuluu imene amuna anga anapaka ndi manja awo.

Chondisautsa kwambiri n'chakuti ine ndi alamuwo timapemphera mpingo umodzi. Ndinasiya kudya Mgonero, ndipo tikamanena Pemphero la Ambuye ndimangokhala chete tikafika popempha chikhululukiro, chifukwa Mateyu 6:15, amene amati tikapanda kukhululukira anzathu Atate sadzatikhululukira, amandiopsa. Amayi anzanga akutchalitchi amandikumbutsa yankho la Yesu kwa Petro pa Mateyu 18:22 loti tizikhululuka kambirimbiri, ndipo amati ndiiwale zonse. Koma pa Luka 17:3 ndimawerenga kuti wolakwa adzudzulidwe, ndipo akalapa akhululukidwe, pamene alamu anga sanavomerepo kuti analakwa. Kodi ndingawakhululukire n'kupitirizabe kufuna katundu wa ana anga, kapena kutero n'chinyengo pamaso pa Mulungu?

Yankho la mkulu wa mpingo wa ku Namwera:

Mayi, pepani ndi zimene mukudutsamozi. Chimene Ambuye akufuna kwa inu n'chakuti musiye kuwafunira zoipa alamu anuwo ndipo muziwapempherera, pakuti Aroma 12:19 amati kubwezera n'kwa Mulungu. Zimenezo mungathe kuyamba ngakhale iwo asanalape. Kubweza katundu ndi udindo wawo, ndipo kukhululuka kwanu sikuufafaniza: Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake analonjeza kubweza kanayi zimene analanda anthu, monga timawerengera pa Luka 19:8. Tsatani njira ya pa Mateyu 18:15-17. Lankhulani nawo panokha, akakana mutenge munthu mmodzi kapena awiri, makamaka ankhoswe, kenako muitule nkhaniyi kwa abusa ndi akulu a mpingo. Amene akukuuzani kuti muiwale anayenera kuyamba adzudzula wolandayo, ndipo zikundimvetsa chisoni kuti mtolo wonse asenzetsa inu wolandidwa.

Yankho la bambo wina wa ku Mangochi boma:

Ine ndikuchenjezani za khoti, mayi. Pa 1 Akorinto 6:7 Paulo akuti kuli bwino kulola kulakwiridwa kusiyana ndi kusumirana abale okhaokha.

Yankho la mayi wina wa ku Monkey Bay:

Bambo, ndikulemekeza mawu anuwo, koma munthu amalola kuluza chake, osati cha ana amasiye amene sangadzilankhulire. Yakobo 1:27 amatilamula kusamalira ana otere. Mayi, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu, ndipo limateteza mkazi ndi ana. Ngati za kumpingo zalephereka, pitani ku ofesi ya DC kapena ku Victim Support Unit kupolisi, mutatenga malisiti a injini ndi chilimira ngati munasunga.

Wofunsa uja:

Zikomo kwambiri nonse. Lisiti ya injini ndili nayo. Ndiyamba ndi ankhoswe monga mwanenera, ngakhale kuti nkhoswe ya kuchimuna ndi msuweni wa alamu omwewo. Funso limene latsala, makamaka kwa inu akulu a mpingo, n'lakuti kodi ndibwerere ku Mgonero tsopano, mtima ukundiwawabe, kapena ndidikire nkhaniyi ithe?