Kodi khomo la nyumba liyenera kuyang'ana kuti?

Wa ku Chilomoni: Ndikukonzekera kumanga nyumba ku Chileka, ndipo ndamva kuti nyumba yachifumu ya Forbidden City ku Beijing, yomwe inamalizidwa mu 1420, inayang'anitsidwa kummwera motsatira feng shui, mwambo wa ku China wosankhira malo ndi koyang'anitsa nyumba. Kodi anthu akale ankatsatadi dzuwa ndi mwezi pomanga, ndipo kodi nanenso nditengere zomwezo?

Mphunzitsi wopuma: Ankatsatadi, achimwene. Ku Abu Simbel ku Egypt, kuwala kwa dzuwa kumalowa mpaka mkatikati mwa kachisi wa mfumu Ramesses II pa 22 February ndi pa 22 October. Ku Chimney Rock ku Colorado, m'dziko la America, mwezi umatulukira pakati pa miyala iwiri italiitali pakatha zaka 18.6 zilizonse.

Mmisiri wa ku Ndirande: Bambo, musangokopera. Feng shui amatanthauza mphepo ndi madzi, ndipo a ku Beijing anafulatira kumpoto pothawa mphepo yozizira. Kuno ku Blantyre zinthu n'zotembenuka, chifukwa m'mwezi wa June dzuwa limapendekera kumpoto, pamene chiperoni chimawomba kuchokera kummwera chakummawa. Ine ndinaika khonde kummwera, ndipo mpaka lero khomalo limachita ndere, zovala zoyanika pamenepo osauma.

Wa ku Chilomoni: Zikomo kwambiri, amisiri, mawindo aakulu ndiwaika kumpoto.