Za ulendo wa ku Glasgow uja, ndabwerako

Mwezi watha ndinafunsa momwe ndingayendere motchipa kuchokera kuno ku Norwich ku England, komwe ndikuphunzira luso lolemba nkhani, kukamvera oimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Celtic Connections ku Glasgow ku Scotland mu Januwale. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha.

Ndinatsatira malangizo a achemwali amene anati ndigule 16-25 Railcard, khadi yotsitsa mtengo wa sitima kwa azaka 16 mpaka 25. Ine ndinkayesa kuti zaka zandithera, koma munthu amene ali pasukulu nthawi zonse amaloledwa ngakhale atapitirira zaka 25, bola sukulu imuchitire umboni. Mtengo wa tikiti ya sitima umatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Zokwera basi ya usiku ndinazikana, msana wangawu sukanalola.

Ndinasintha sitima ku Peterborough ndi ku Edinburgh, ndipo pofika kunja kunali kutada kale 5 koloko isanakwane. Chomwe ndinalakwitsa ndi nsapato. Zinalowa madzi, zala zinachita dzanzi usiku wonse. Musapite ndi zansalu.

Achimwene amene munati polemba ndizimvera nyimbo zopanda mawu, munanena zoona. M'sitima pobwerera ndinamaliza nkhani imene inandikanika kuyambira Novembala.