Za phwando la Bambo aakulu, pa gulu la Mbumba ya Agogo

Lachiwiri

Fatsani: Mwaswera bwanji nonse. Malo aja ndakawaona poweruka. Ali konkuno ku Nchalo, kungopatuka pang'ono pa M1. Ndi nyumba wamba, kuseri kuli bwalo la mitengo iwiri ya nimu ndi matebulo. Mayi wake amaphika okha ndi atsikana awiri. Nkhuku ya lokolo, mang'ina, nthumbwana, mlamba wowamba, therere. Nsima ya mapira iliponso ukanena msanga. Kenako vinyo.

Chisomo: Zikomo achimwene. Mtengo?

Fatsani: K18,000 munthu mmodzi, ndipo tilipo 20. Zakumwa padera. Akufuna theka pofika Lachisanu kuti akagule mbuzi.

Azakhali aku Bangula: Vinyo? Ndiye kuti ndi bala.

Fatsani: Si bala azakhali. Kulibe zimkuzamawu, kulibe ndewu. Anthu amabwera ndi akazi awo.

Azakhali aku Bangula: Pogulitsa mowa ndi bala basi. Ine ndinanena kale, tiphike pakhomo. Achimwene apsa ndi dzuwa m'minda ya nzimbe zaka 31, inu mukawathokozere ku bala?

Chisomo: Ndikumbutse. Osonkha tilipo 16, aliyense K30,000. Chakudya K360,000, yotsalayo ya zakumwa. Apereka ndi Fatsani, ine, Mayi a Tadala, Bambo aang'ono ndi alamu aku Thyolo. Ndili ndi K150,000. Theka ndi K180,000. Munthu mmodzi yekha atatumiza, malo tagwira.

Bambo aang'ono: Mbuziyo akagula kwa ndani? Ine ndili nazo zisanu ndi imodzi m'khola kuno ku Ngabu. Ndalama ya banja ikalemeretse wina?

Fatsani: Ndikawafunsa bambo, koma ali ndi munthu wawo.

Bambo aang'ono: Munthu wawoyo adzakupatsani nkhalamba ya tonde, fungo lokhalokha.

Tiyamike: Ine wa sukulu ndiperekanso 30?

Chisomo: Iwe suli pa 16. Ungobwera ndi mimba.

Dalitso Joni: Banja langa lokondedwa. Vinyo musavutike, kuno ndiye kwawo, mphesa zake amalima ku Cape konkuno. Ndituma mabokosi awiri a malita asanu pa basi. Yanga 30 ikubwera mawa.

Mayi a Tadala: Amen alamu

Azakhali aku Bangula: Mawa.

Lachitatu

Mayi a Tadala: Mwadzuka bwanji a m'banja. Kutentha kwa usiku wathawu, ana agona pakhonde.

Bambo aang'ono: Kuno foni ikuti 41. Ng'ombe zangoima pansi pa msangu, osadya.

Mayi a Tadala: Magetsi anazima dzulo 6 koloko. Nsomba zanga m'firiji sindikudziwa.

Tiyamike: Nanga vinyoyo sadzakhala ngati tiyi?

Fatsani: Ali ndi sola, firiji imayenda. Ndinawafunsa zomwezo. Akuti kumaiko ozizira wofiira samulowetsa m'firiji, koma kuno kuchigwa ukamusiya patebulo amatentha, kukhosi kumangomveka ukali. Ndiye amamuziziritsa pang'ono. Ali ndi wotsekemera ngati Four Cousins, wina wosatsekemera amene akuti amayenda bwino ndi mang'ina ndi nyama ya mafuta. Botolo limodzi matambula asanu.

Alamu aku Thyolo: Chenjerani ndi wotsekemerayo. Amalowa ngati Sobo koma mphamvu yake imaposa Green. Poimirira m'pamene umadziwa.

Azakhali aku Bangula: Mwamva? Mlamu wanu yemwe akuchitira umboni. Tiphike pakhomo.

Alamu aku Thyolo: Pepani apongozi, ine ndimangochenjeza.

Bambo aang'ono: Achemwali, bambo athu ankamwa uchema tsiku ndi tsiku, wa mgwalangwa wa kuseri kwa dimba uja. Mmawa unkakoma ngati madzi a shuga, pofika madzulo wawawasa, munthu n'kuyamba kuimba. Ndani ankawatengera chipanda?

Tiyamike: Ndani bambo?

Bambo aang'ono: Afunse azakhali ako.

Azakhali aku Bangula: Ndinali mwana. Pano ndine wa chigwirizano, ndi yunifolomu yanga ndikakhale pansi pa botolo? Nkhabe.

Mayi a Tadala: Koma ku Kana kuja sanamwe thobwa azakhali

Azakhali aku Bangula: Iwe mtengwa usandiphunzitse Mawu.

Mayi a Tadala: Pepani.

Chisomo: Tibwerere ku nkhani. Ikadali K150,000. Achimwene aku Joni, pa Airtel Money sindinaone kanthu, pa Mpamba sindinaonenso.

Chisomo: Achimwene?

Tiyamike: Awerenga, zizindikiro zasanduka buluu.

Azakhali aku Bangula: Ine ndinanena kale. Pakhomo mbuzi imodzi, mpunga, thobwa ndifulula ndekha. Ndalama yotsala achimwene agulire malata.

Fatsani: Azakhali tiphikira m'chiyani? Mapoto akuluakulu a agogo anapita ndi madzi a Freddy mu 2023. Obwereka kutchalitchi amalipiritsa. Nkhuni, madzi, mipando, zonse ndalama. Ndiye pakhomo mukudziwa, ukaitana 20 amabwera mudzi wonse. Pa chinkhoswe cha Chisomo ena tinadya nsima ndi msuzi.

Chisomo: Komanso ophika ndi omwewomwewo. Ine ndi Mayi a Tadala tinatuluka m'khitchini anthu atabalalika, zithunzi zonse mulibemo nkhope zathu. Ulendo uno ndikufuna ndikhale pampando wina andibweretsere mbale.

Azakhali aku Bangula: Mapoto tinasonkhera chaka chomwecho.

Bambo aang'ono: Achemwali, izo tisiye.

Azakhali aku Bangula: Sindinatchule munthu. Ndangoti tinasonkhera. Za chiliza tinasonkheranso.

Madalo watuluka pa gulu

Tiyamike: Eee

Chisomo: Ndimubwezeretsa madzulo, mwina ndi foni.

Azakhali aku Bangula: Ndi foni inde.

Lachinayi

Alamu aku Thyolo: Amene mukutsika kuchokera ku Blantyre Loweruka lija, galimoto yanga ili ndi malo atatu. Koma tinyamuke mmawa. Chitunda cha ku Thabwa sindifuna kutsika kuli dzuwa, mabuleki amatentha.

Chisomo: Ndisungireni awiri.

Tiyamike: Limodzi langa. Tikaime pa mlatho wa Kamuzu ndijambule.

Alamu aku Thyolo: Pa mlatho saimapo galimoto iwe.

Bambo aang'ono: Nsomba zake azitenga kuti mayiyo? Ngati si za ku dambo la Elephant Marsh ndiye musanditchulire. Makakana a kumeneko ndi ena. Achimwene mlamba wa m'damu sadya.

Fatsani: Amawabweretsera kuchokera ku Bangula, owamba kale.

Bambo aang'ono: Ndiye bwino. Za mbuzi wafunsa?

Fatsani: Akuti mukatsitsa mtengo atenga yanu.

Bambo aang'ono: Nditsitsirenji, ine 30 yanga ndinapereka kale.

Mayi a Tadala: Kodi alipo akudziwa wokonza mafiriji ku Nchalo?

Chisomo: Mawa ndi Lachisanu abale. K150,000. Ena 11 muli pompano, ndimakuonani mukusintha zithunzi. Sindikufuna kulemba maina.

Azakhali aku Bangula: Lemba.

Chisomo: Ndikalemba lanu liyamba azakhali.

Azakhali aku Bangula: Yanga ilipo, yamangidwa pa chitenje. Koma ya bala ayi. Tiphike pakhomo.

Mayi aakulu: Mwacerwa ana anga. Ndimangowerenga. Bambo wanu ndawauza zonse usiku, poti kafoni kawo n'ka mabatani. Akuti malowo amawadziwa. Amapitako mwezi ukatha ndi anzawo a kufakitale, amakonda mang'ina. Akuti mayiyo amawaphika kuyambira mbandakucha mpaka fupa kulekana lokha.

Tiyamike: Bambo aakulu!!

Fatsani: N'chifukwa chake nditatchula dzina mayi aja anangoseka.

Azakhali aku Bangula: Alamu, achimwene amapita ku bala inu mukudziwa?

Mayi aakulu: Amandibweretserako m'kontena alamu. Akuti vinyo iwo ayi, amawapatsa chilungulira. Muwapezere uchema wa mmawa, malita awiri akwana. Akutinso mlongo wawo akapanda kubwera, iwonso sabwera.

Bambo aang'ono: Uchema ndi ntchito yanga. Ndili ndi mnyamata wogoma.

Fatsani: Chakumwa chochokera kunja amalipiritsa K5,000, koma ndikawanyengerera.

Chisomo: Ndiye mabokosi a ku Joni aja akanatidyeranso ndalama.

Alamu aku Thyolo: Akanati afike.

Azakhali aku Bangula: Thobwa alipo kumeneko?

Fatsani: Ndikawauza akonze.

Azakhali aku Bangula: Asakonze. Wa mapira ndibwera naye ndekha m'chigubu. Ndipo tebulo langa likhale kutali ndi mabotolo, pafupi ndi geti.

Chisomo: Ndiye nditumize nambala azakhali?

Azakhali aku Bangula: Wa Mpamba kuno watseka. Mawa.

Chisomo: Mawa ndi Lachisanu lomwelo. Mayi aja akufuna isanakwane 10 koloko.

Dalitso Joni: Banja langa, netiweki inavuta. Zili pati?

Chisomo: Zili pa K150,000 achimwene.

Chisomo: Achimwene?

Mayi a Tadala: Wa firiji uja ndamupeza, zikomo nonse.