Kodi mbaula ndi mtondo zingakhale chithunzi chogulitsa?

Mphunzitsi wa ku Katete:
Ndili ndi funso kwa inu odziwa zaluso. Mnyamata wina kuno amagoba zithunzi pa lino (linoleum, chinthu chonga mphira chimene amayala pansi m'nyumba) n'kuzidinda papepala ndi inki yakuda, koma zimene amasankha ndi mbaula, mtondo ndi munsi wake, lichero, ndiponso njinga yosenza matumba a makala. Alendo opita kukaona nyama ku South Luangwa amafuna njovu ndi akambuku. Kodi munthu angatulutse ndalama kuti apachike pakhoma chinthu chimene ali nacho kale kukhitchini?

Anaphiri a ku Kapata:
Aphunzitsi, musamugwetse mphwayi mwanayo. Mu 1962 Andy Warhol, wojambula wa ku America, anaonetsa ku Los Angeles zithunzi 32 za zitini za supu wa Campbell's, ndipo mu 1968 anadinda zitini zomwezo papepala. Giorgio Morandi wa ku Bologna ku Italy, amene anamwalira mu 1964, anatha zaka zambiri akujambula mabotolo ndi mitsuko ya m'chipinda chake, ndipo zithunzi zina ankazilemba pa chitsulo, n'kuzidyetsa asidi, kenaka n'kudinda. Lero ntchito za anthu awiriwa zikusungidwa m'nyumba zazikulu zoonetseramo zaluso.

Bambo Jere, Mtenguleni:
Anaphiri anena zoona, koma ine sindikufuna kuti mnyamatayo atengere Warhol, chifukwa iye ankalankhula za katundu wa m'fakitale wofanana yenseyense, pamene mtondo wa kwathu ndi wosemedwa pamanja ndipo ulibe unzake wofanana nawo. Chimene chingamugulitsire chithunzi ndi diso lake. Mbaula imayenerana kwambiri ndi lino, popeza paliponse pamene wagoba pamatuluka poyera, choncho mabowo oboola ndi msomali aja, osalingana kukula kwake, amawala pakati pa chitsulo chakuda, ndipo woona amazindikira kuti mkatimo muli moto ngakhale palibe inki yofiira. Lichero ndilo lovuta, pakuti nsungwi zake zolukana zimafuna timizere tambirimbiri, ndipo mpeni ukangoterereka palibe kubweza. Akumbukirenso kuti chithunzi chimatuluka chotembenuka, mwakuti tcheni cha njinga chimene chimakhala kumanja ayenera kuchigoba ngati chili kumanzere. Anyamata okwera njinga a mu Chipata sachedwa kuona cholakwika choterocho.

Amayi Zulu, Lusaka:
Nkhaniyi si yachilendo m'Zambia. Henry Tayali, amene anamwalira mu 1987, ankadinda zithunzi zogoba pathabwa zoonetsa moyo wa anthu wamba, ndipo Cynthia Zukas, amene anayambitsa bungwe lothandiza anthu aluso la Lechwe Trust mu 1986, amadziwikanso ndi zithunzi zodinda. Za mtengo, aphunzitsi, muuzeni asankhiretu chiwerengero cha makope, alembe ndi pensulo m'munsi mwa lililonse, monga 3/20 (kope lachitatu mwa makope 20), asaine, ndipo akafika pa 20 asadindenso. Wogula akadziwa kuti makope alipo ochepa ndiponso kuti lililonse linadindidwa pamanja, saliyesa fotokope.

Mphunzitsi wa ku Katete:
Zikomo nonse. Za kulemba manambala ndimuuza, chifukwa mpaka pano wakhala akudinda mbaula ija nthawi iliyonse imene wina waipempha.