Galimoto ya matayala anayi kumbuyo: alipo akuidziwa?

Sipanala14_Ulongwe

Akuluakulu, ndabwera ndi funso, mundithandize. Ine ndine makaniko, ndili ndi kagalaja kanga kuno ku Ulongwe. Ntchitoyi ndidaphunzira kwa malemu bambo anga, amene adagwira zaka zambiri mu ofisina ya Mpwitikizi wina ku Tete nthawi ya atsamunda. Sabata yatha denga la kwa mayi linadontha, ndiye anandituma kuti nditulutse sutikesi yachitsulo ya bambo tiyanike zam'katimo. Pansi penipeni, kunsi kwa ovolosi yawo, ndinapeza chithunzi chodula m'magazini, chomata pa katoni. Chiswe chidadya m'munsi monse momwe munali mawu.

Pachithunzipo pali galimoto yampikisano, yayitali ngati bwato, yonyezimira ngati poto wotsuka ndi mchenga. Dalaivala wakhala kutsogolo kwenikweni, moti mapazi ake ayenera kuti ali pakati pa matayala akutsogolo. Kumutu wavala kachipewa kansalu ndi magalasi basi. Kumbuyo kwake kwatuluka timapaipi tatifupi toloza kumwamba, ndawerenga tisanu ndi titatu mbali yomwe ikuonekayi. Pathupi pake pali mphete zinayi zolowana, ngati za Audi. Koma chimene chandisowetsa tulo ndi matayala. Kumbuyo ali awiriawiri mbali iliyonse, ngati lole zonyamula mbatatesi ku Tsangano. Ikukwera phiri, anthu aima m'mbali mwa msewu popanda mpanda uliwonse.

Kodi imeneyi ndi Audi? Timapaipito tikutanthauza kuti masilinda alipo 16? Nanga galimoto yothamanga ifuniranji matayala a lole?

Lina ndi ili. Bambo akaona munthu akulowa pagalaja ndi fumbi, amati, "Iwe, ukudziyesa Nuvolari?" Ine ndidakula ndikuyesa kuti ndi liwu lachipwitikizi lotanthauza munthu wosamva. Mwina ndi amene ali pachithunziyu?

Mphunzitsi_Moatize

Achimwene, mwasunga chinthu cha mtengo. Musachiyanike padzuwa, chiwume pamthunzi.

Imeneyo ndi Auto Union ya ku Germany. M'chaka cha 1932 makampani anayi, Audi, DKW, Horch ndi Wanderer, adaphatikizana, ndipo mphete zinayizo ndi iwowo. Audi ya lero idangolowa chokolo cha chizindikirocho. Galimotoyo adaikonza ndi Ferdinand Porsche, ankaipangira ku Zwickau, ndipo mwawerenga bwino: masilinda 16, asanu ndi atatu uku, asanu ndi atatu uko. Ya 1936 ndi 1937, yotchedwa Type C, inali ya malita 6, ya kompresa, mphamvu ya mahatchi 520. Poti ndinu makaniko ichi chikusangalatsani: mavalavu onse 32 ankayendetsedwa ndi camshaft (chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu) imodzi yokha, yodutsa pakati pa mizere iwiriyo.

Kuti mumvetse za matayala muyambe ndi lamulo. Kuyambira 1934 mpaka 1937, galimoto ya Grand Prix sinkaloledwa kupitirira makilogalamu 750, osawerengera mafuta, oyilo, madzi ndi matayala. Olemba lamulolo ankaganiza kuti galimoto yopepuka chotero singanyamule injini yaikulu, ndiye liwiro lichepa. Ajeremani adangotenga zitsulo zopepuka, n'kuboola mabowo paliponse pamene chitsulo chinalibe ntchito, kulemera konse n'kukupereka ku injini. Mapeto ake, mphamvu ya lole yaikulu idalowa m'chinthu chopepuka kuposa timagalimoto tating'ono ta m'tauni. Matayala a nthawiyo anali opyapyala ndi olimba. Ukaponda moto ankangozungulira pamalo amodzi, ngakhale galimoto ili kale pa liwiro loposa makilomita 100 pa ola. Pa mpikisano wokwera phiri umafunika kuponda moto potuluka pakona iliyonse, n'chifukwa chake ankamanga awiriawiri kuti agwire pansi. Ndi nzeru yomweyo ya lole za ku Tsangano, kungoti lole imafuna kusenza katundu, iyi inkafuna kusenza mphamvu yake yomwe.

Katswiri wa mapiri ku Auto Union anali Hans Stuck, ankamutcha mfumu ya mapiri. Ine ndikanati ndilozere, ndikanaloza iyeyo osati Nuvolari. Za Nuvolari ndibwera nazo madzulo, belu lalira.

WaChapa_Zobue

Aphunzitsi, injini kumbuyo ine sindikugwirizana nazo. Katundu akachuluka kumbuyo kwa chapa, chiwongolero chimapepuka ngati wagwira mbale. Pa mitsetse ya ku Zobue kuno timaziona. Anthu ophunzira ngati amenewo sadazione zimenezi?

Mphunzitsi_Moatize

Adaziona, achimwene a chapa, ndipo simukunama. Koma injiniyo sinali kunja kwa matayala akumbuyo, inali pakati, kuseri kwa dalaivala, ndipo thanki ya mafuta inali pakatikati penipeni kuti mafuta akamatha galimoto isasinthe khalidwe. Chovuta chinali chakuti kumbuyo kunkathawa pakona, ndipo munthu wokhala kutsogolo chotero ankachedwa kumva kuti mchira wapita. Madalaivala ozolowera injini yakutsogolo idawazunza. Amene adaiweta ndi mnyamata Bernd Rosemeyer, wochokera ku mpikisano wa njinga zamoto. Iyeyo anali asanayendetsepo galimoto ina yampikisano, ndiye ankayesa kuti zonse zimatero. Mu 1936 adakhala katswiri wa ku Ulaya konse. Lero galimoto zonse za Formula 1 injini ili kuseri kwa dalaivala.

Rosemeyer sadakalambe. Pa 28 January 1938, pa msewu waukulu wa pakati pa Frankfurt ndi Darmstadt, Rudolf Caracciola wa Mercedes adathamanga makilomita 432 pa ola m'mawa. Liwiro limenelo, kuchoka ku Ulongwe kufika pa mlatho wa Samora Machel ku Tete ndi theka la ola n'kamphindi pang'ono. Rosemeyer adati ayankhe tsiku lomwelo, mphepo itayamba kale kuwomba. Galimoto idachoka mumsewu, adafera pomwepo ali ndi zaka 28, kusiya mkazi ndi khanda.

Tsopano Nuvolari. Bambo anu ankatchula munthu weniweni, Tazio Nuvolari, Mtaliyana wa kufupi ndi Mantova, wamfupi, woonda, wobadwa mu 1892. Tsiku limene dzina lake lidafika mpaka m'maofisina a ku Tete ndi 28 July 1935, pa msewu wampikisano wa Nürburgring ku Germany. Msewu umenewo ndi wa makilomita 22.8, wokhotakhota m'mapiri ndi m'nkhalango, ndipo ankauzungulira ka 22. Ndi makilomita 500, ngati kupita ku Tete n'kubwerera ku Ulongwe, mtunda wina n'kutsalako. Ajeremani adabweretsa galimoto zisanu ndi zinayi, zisanu za Mercedes, zinayi za Auto Union. Nuvolari anali ndi zaka 42, ali mu Alfa Romeo P3 yofiira ya gulu la Enzo Ferrari, galimoto yakale, yochepa mphamvu kutalitali. Msewu unali wonyowa, ndipo kunyowako kudamuthandiza, chifukwa pamatope mphamvu yambiri imasanduka mdani.

Pakati pa mpikisano adaima kuti athire mafuta ndi kusintha matayala. Pampu ya mafuta idathyoka. Amakaniko adayamba kuthira ndi zigubu, iye akudumphadumpha pambali ndi ukali. Adataya mphindi ziwiri ndi kanthu, pamene Manfred von Brauchitsch wa Mercedes adaima yosakwana mphindi imodzi. Adatuluka ali wachisanu ndi chimodzi. Kuyambira pamenepo adayamba kuwatola mmodzimmodzi, mpaka kutsogolo kudatsala von Brauchitsch yekha. Uyu pothawa ankaponda moto mopanda chisoni, matayala akudyeka mpaka ulusi kuonekera. Ulendo womaliza, tayala lakumbuyo lidaphulika, kagalimoto kofiira n'kudutsa. Akuluakulu a chipani cha Hitler anali atakhala kale pamalo aulemu kudikira kupereka chikho kwa munthu wawo.

Mu 1938 Nuvolari adalowa ku Auto Union m'malo mwa Rosemeyer, ndipo ndi iye adapambana mpikisano womaliza wa galimoto zimenezi, ku Belgrade pa 3 September 1939, tsiku lomwe Britain ndi France adalengeza nkhondo yolimbana ndi Germany.

Gogo_wa_ku_Domwe

Ana anga, mdzukulu wandiwerengera zonsezi, ndipo ndi iye akundilembera. Zamveka bwino, aphunzitsi mwafotokoza ngati munaliko. Koma munene ndithu kuti ndalama zake zinkachokera kuti. Boma la Hitler linkapereka ndalama chaka ndi chaka kwa Mercedes ndi Auto Union kuti dziko lonse lione kuti Mjeremani ndiye munthu. Galimoto zimenezo zinali mbendera, ndipo zina zidapakidwa chizindikiro chake chija.

Zaka zomwezo, kuno bambo anga ankakumba msewu ndi khasu pa chibalo. Ankatiuza kuti asipayi amabwera usiku, mfumu n'kuloza nyumba, m'mawa uli pa chingwe. Dengu la dothi pamutu, malipiro osaoneka, ukachedwa mbalamatodya m'manja. Mzungu wa boma ankayenda pa machila, anthu anayi akuthamanga naye. Mwana wanga wa ku Ulongwe, bambo ako ndikuwamvetsa. Munthu wa sipanala amakonda chitsulo chopangidwa bwino, alibe mlandu. Chithunzicho sunga. Koma ukamaonetsa ana, uziwauzanso kuti chaka chimenecho agogo awo anali kuti.

Nachisale_ku_Joni

Agogo, mawu anu ndawamva, zikomo. Ine kwathu ndi ku Furancungo koma ndimagwira ntchito ku East London. Achimwene a galaja, galimoto yanuyo idapondapo dothi la Africa. Pa 1 January 1937 Auto Union idathamanga konkuno pa South African Grand Prix. Mkazi wa Rosemeyer, Elly Beinhorn, anali woyendetsa ndege, ndipo adabwera ndi mwamuna wake pa kandege kuchokera ku Germany. Mpikisanowo unali wopatsa mwayi galimoto zing'onozing'ono kuti zinyamuke poyamba, ndiye adapambana ndi Pat Fairfield pa kagalimoto ka ku Britain kotchedwa ERA. Patapita masabata awiri, ku Cape Town, Ernst von Delius adapambana pa Auto Union, Rosemeyer wachiwiri. Mbali ina ya msewu wakalewo ilipobe m'mphepete mwa nyanja, ndimadutsako ndikamapita kwa anzanga Lamulungu. Kumpoto nako kunali mpikisano waukulu ku Tripoli, koma Libya nthawiyo inali m'manja mwa Ataliyana, ndiye zikugwirizana ndi zomwe anena agogozi.

Sipanala14_Ulongwe

Zikomo nonse. Ndawerenga kawiri, kachitatu ndawerengera mayi mokweza. Nditafika pa dzina la Nuvolari anaseka mpaka misozi, akuti bambo adalitola kwa bwana wawo uja, amene ankalikuwa tsiku lililonse anyamata akamayesa galimoto za makasitomala.

Aphunzitsi, pa nkhani yonse ya 1935 ine mtima wanga watsalira pa amakaniko aja a zigubu. Ndikuwaona. Pampu yathyoka m'manja mwako, anthu zikwizikwi akuyang'ana, dalaivala akukalipa, petulo akukuthira m'mikono, injini ili yotentha pafupi pomwepo. Chaka chatha, usiku wa mvula, anandigogodera kuti galimoto yonyamula mayi wodwala yafera panjira yopita kuchipatala. Inali pampu ya mafuta. Ndinamangirira chigubu cha malita asanu padenga ndi lamba, paipi kutsikira ku kabuleta, mwamuna wa mayiyo atandigwirira tochi ya foni, manja ake akunjenjemera kuposa anga. Tinafika. Dzina la dalaivala wa ku Nürburgring lafika mpaka kuno ku Angonia patatha zaka 90, koma akanapanda anthu aja kuthira mafuta ndi manja, bwenzi atakhala pakhoma n'kumaonerera anzake. Ndikuganiza kuti bambo posunga chithunzichi sankasirira dalaivala. Ankayang'ana timapaipi tija, n'kumadzifunsa kuti masilinda 16 amawatchuna bwanji kuti alire mawu amodzi. Ine anayi okha a Toyota amanditengera m'mawa wonse akakana.

Za camshaft imodzi ija ndajambula pansi ndi choko kuyambira dzulo. Mavalavu olowetsa ndawapeza, ali pafupi nayo m'kati mwa V. Otulutsa ali kunja, ndiye payenera kuti panali timitengo todutsa chopingasa pamwamba pa mutu uliwonse kukawakankha. Aphunzitsi, ngati ndalakwa mundikonze.

Agogo a ku Domwe, ndamva. Agogo anga aamuna nawonso adagwira chibalo, chala chawo chimodzi sichinkapindika mpaka imfa. Chithunzi chawo chilipo chimodzi, cha pa chitupa. Ndapereka miyeso kwa kalipentala kuti felemu ikhale yokwana ziwiri, ndipo ndidzaipachika pamwamba pa benchi, kumbali kumene sikudontha.

Mphunzitsi_Moatize

Simunalakwe, achimwene, ndi momwemo: timitengo topingasa, tili m'timapaipi take. Choko chanucho musafufute. Loweruka ndikubwera ku Ulongwe kudzagula nyemba, ndidzapatuka ndidzaone.