Msonkho wophera udzu wa m'nyanja kuno ku Minnesota: ndisayine kapena ayi?

WaKuMchinji: Abale, ndithandizeni nzeru. Tidagula kanyumba pafupi ndi kanyanja kena kuno. Sabata yatha aneba anabwera ndi pepala loti tikhazikitse Lake Improvement District, bungwe la dera losamalira nyanjayo. Akuti eni malo opitirira theka akasayina, nkhani imapita kwa a county (boma la dera lino), ndipo ikadutsa ndalama yophera udzu wa m'madzi wotchedwa milfoil tizilipira limodzi ndi msonkho wa nyumba. Akuti $180 pachaka. Ine boti ndilibe, nyanjayo ndimangoionera pawindo. Phindu lilipo?

NaPhiri77: Musasayine achimwene. Kwathu adayamba ndi $120, lero tikulipira $300 ndi kanthu. Kampani idathira mankhwala mu June, pofika August udzu uli tho ngati sanathire kanthu. Ndikafunsa amangoti dikirani chaka chamawa. Chaka chamawacho tsopano ndi chachinayi. Ndipo kuyambitsa n'kosavuta, koma kayeseni kuthetsa muone.

BigiMani: $180? Amenewo ndi mafuta a boti langa la pontoon Loweruka limodzi. Udzu umenewu udandikulungira injini kawiri chaka chatha, makaniko adadya $600. Ine ndidasayina woyamba, ndidati akafuna $500 ndipereka.

NaPhiri77: Palibe wakufunsani za boti lanu akulu.

Chikondi_StPaul: Gulani reki basi, yanga ndidagula $40. A DNR (dipatimenti ya boma la Minnesota yoona zachilengedwe) amalola kuzula udzu wa pansi pa madzi kutsogolo kwa malo ako mpaka 2,500 square feet popanda chilolezo. Ana amasambira, nkhani yatha.

BigiMani: Reki ya $40 ndi ya masamba a pabwalo. Ya m'madzi ndi yodula kuposa pamenepo.

AphunzitsiOpuma: Achemwali a reki, zomwe mwazulazo muzizitulutsa m'madzi. Milfoil ndi ngati kholowa, kachidutswa kakaduka kamakamera kwina, ndiye inu mukayeretsa panu mwadzalira aneba. Ndi momwe udafalikira chiupezereni mu Lake Minnetonka mu 1987, kukakamira ku maboti ndi matilela. Kutheratu sutha, amangouchepetsa, n'chifukwa chake ndalamayo ndi ya chaka ndi chaka. Chomwe anthu amathawira ku district n'chakuti pa chopereka chodzifunira amapereka ndi omwewomwewo, ena n'kumasambira ulele. Koma malire a district mwawaona? Kodi wokhala m'mphepete ndi inu wa kumtunda mulipira mofanana? Funsani zimenezo musanagwire cholembera. Funsaninso mankhwala ake. Kuli 2,4-D yakale ija, kuli ProcellaCOR yomwe idavomerezedwa mu 2018, mitengo yake ndi yosiyana. Onsewo safika m'madzi popanda chilolezo cha DNR.

NaPhiri77: Ife palibe adatifunsa kanthu.

AphunzitsiOpuma: Mayi, lamulo limafuna msonkhano wa pachaka, ndipo ntchito yoposa $5,000 eni malo ndi amene amaivotera. Mudapitako kangati?

NaPhiri77: Ndimagwira mashifiti awiri ine. Msonkhano ndidye?

Jafali_Liwonde: Haha anthu a kunja inu. Kulipira madola chifukwa cha udzu? Bwerani ku Shire muone namasupuni momwe amadzadzira pa baraji, mpaka makina amagetsi ku Nkula kutsamwa. Tumizani tikiti ndibwere ndi anyamata anayi ndi zikwanje, $180 yomweyo tigawana.

Chikondi_StPaul: Kapena ponyanimo nsomba zodya udzu zija, grass carp. Msuweni wanga ku Texas akuti zimagwira ntchito.

AphunzitsiOpuma: Ku Minnesota n'zoletsedwa. Mudzalipira faindi, osati msonkho.

BigiMani: Chachikulu ndi mtengo wa nyumba. Nyanja ikasanduka dambo mudzagulitsa kwa ndani? Yanga yakwera kwambiri chiyambireni district.

NaPhiri77: Nyumba zakwera paliponse, ngakhale kopanda nyanja.

WaKuMchinji: Ndawaimbira aneba aja. Akuti $180 ndi ya ife akumtunda, a m'mphepete $260, koma mayi wina pamsewu wathu akuti adamva $220 aliyense. Ndawauza andipatse mapu a malire kaye. Mkazi wanga akuti tisayine kuopa kudana ndi aneba, poti ndi omwe amatichotsera sinowo pakhomo.

Jafali_Liwonde: Za tikiti zija mwati bwanji?