Dalaivala wakana kuuzira mpweya: kodi kukanako n'kuvomera kuti analedzera?

Loya woyamba kumene ntchito: Akuluakulu anga, ndikupempha nzeru pa mlandu umene uzengedwe Lachinayi. Bambo amene ndikuwaimira anaimitsidwa ndi apolisi usiku, ndipo akuimbidwa mlandu umodzi wokha, woyendetsa galimoto ataledzera. Mufayilo mulibe zotsatira za kuyeza kulikonse, chifukwa wapolisi analemba kuti bambowo anakana kuuzira mpweya m'kachipangizo koyezera mowa. Eni ake akukana kwamtuwagalu, akuti anauzira katatu koma kachipangizoko sikanawerenge kanthu poti iwo ali ndi mphumu. Woimira boma wanena kale kuti munthu wosamwa sathawa kuyezedwa. Ine ndimaganiza zotsamira pa ufulu wokhala chete, wakuti munthu sakakamizidwa kudziperekera yekha umboni womumangitsa. Kodi mfundo imeneyi ingandipulumutse?

Loya wa zaka zambiri: Achemwali, mtengo umenewo musautsamire, ugwa nanu. Makhoti a m'mayiko ambiri anasiyanitsa kalekale mawu a munthu ndi zinthu zotengedwa m'thupi lake. Ku America, pa mlandu wa Schmerber mu 1966, khoti lalikulu linagamula kuti magazi otengedwa kwa dalaivala sali m'gulu la umboni wa pakamwa, ndipo khoti la ku Ulaya la ufulu wa anthu, limene lili ku Strasbourg, linanena zofanana pa mlandu wa Saunders mu 1996, potchula mpweya, magazi ndi mkodzo. Woweruza aliyense amene anawerengapo zimenezi adzakuyankhani musanamalize n'kulankhula komwe. Chimene muli nacho m'manja ndi china, ndipo n'chachikulu: wofunika kutsimikizira khoti kuti munthuyu analedzera ndi boma, osati inu. Pa mlandu wa Woolmington mu 1935, mwamuna amene anawombera mkazi wake n'kunena kuti inali ngozi anauzidwa kuti atsimikizire yekha ngoziyo, koma House of Lords, imene inali khoti lalikulu kwambiri la ku Britain pa nthawiyo, inafafaniza chigamulo chomupeza wolakwa chifukwa katundu wa umboni sachoka pamutu pa woimba mlandu.

Yemwe kale ankaimira boma: Ndikugwirizana nanu bambo, koma tisamunamize mwanayu kuti kukana kulibe mano. Mu 1983, pa mlandu wa South Dakota v. Neville, khoti lalikulu la America lomwelo linalola kuti kukana kuyezedwa kutchulidwe ngati umboni wotsutsa dalaivala. Ndikanakhala ine woimira boma, ndikanauza woweruza kuti mowa umachepa m'magazi ola lililonse, pafupifupi mamiligalamu 15 pa mamililita 100 a magazi, choncho munthu amene akuzengereza amadziwa kuti nthawi ikumugwirira ntchito. Ndikanaphatikizapo fungo la mowa, maso ofiira ndi kudzandira, ngati wapolisi anaziona. Munthu akhoza kupezeka wolakwa popanda nambala ya kachipangizo.

Loya wa zaka zambiri: N'zoona akhoza, ndipo mpake kuti mwazinena. Koma taonani kumene mfundo yanu ikuthera. Kulola kuti woweruza amve za kukanako si kunena kuti kukanako kwatseka mlandu. Munthu amakana pa zifukwa zambiri: mantha, kupsa mtima ndi wapolisi, kusamvetsa zimene akuuzidwa, kapenanso kuopa kuti botolo limodzi limene anamwa madzulo limupachika, chonsecho sanafike pa mlingo woletsedwa. N'chifukwa chake opanga malamulo m'mayiko ena anaika kukana ngati mlandu wakewake. Ku Britain, ndime 7 ya Road Traffic Act ya 1988 imalanga munthu wolephera kupereka mpweya popanda chifukwa chomveka, ndipo imalamula wapolisi kuchenjeza munthuyo kuti akapanda kupereka akhoza kuzengedwa mlandu. M'zigawo zambiri za America dalaivala wokana amalandidwa laisensi kwa kanthawi, ngakhale kuti mu 2016, pa mlandu wa Birchfield, khoti lalikulu la dzikolo linati munthu asapatsidwe chilango cha upandu chifukwa chokana kutengedwa magazi apolisi alibe chikalata cha woweruza. Kukana kukanakhala kofanana ndi kuledzera, malamulo apaderawa sakanafunika. Pa mlandu wanu, achemwali, boma linasankha lokha kuimba mlandu wa kuledzera, ndiye lionetse kuledzerako.

Loya wa milandu ya pamsewu: Ine ndikufuna titsike pa zimene zinachitika usikuwo, chifukwa milandu imeneyi imagwera pa tinthu ting'onoting'ono. Kachipangizo kameneka kamafuna mpweya wochokera pansi pa mapapo, wouzira mosadukiza kwa masekondi angapo, ndipo munthu wa mphumu amene chifuwa chamugwira amatha kulephera. Mumufunse wapolisiyo modekha, funso limodzi pa nthawi: anapereka kachipangizoko kangati, kanasonyeza chiyani, anachenjeza bambowo ndi mawu otani, ndipo atamva za mphumu, n'chifukwa chiyani sanawatengere kukayezetsa magazi kapena mkodzo? Pezaninso mapepala a kuchipatala olembedwa tsikulo lisanafike, osati kalata ya dokotala ya sabata ino. Za maso ofiira musade nazo nkhawa kwambiri, tulo ndi utsi zimafiiritsanso maso, koma ngati analemba kuti galimoto inkayenda mokhotakhota, pamenepo mukonzekere. Ndiponso muwafunse bambowo pa awiri ngati anamwa, kuti musadzanene m'khoti zinthu zimene mukudziwa kuti n'zabodza.

Loya woyamba kumene ntchito: Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndabwereranso mufayilo ndipo ndapeza kuti m'sitetimenti yake yoyamba wapolisi analemba kuti bambowo anapatsidwa kachipangizo katatu ndipo ankatsokomola, pamene mawu akuti anakana akupezeka m'lipoti lachiwiri lokha, limene linalembedwa m'mawa mwake. Za chenjezo palibe paliponse pamene analemba, za kayendedwe ka galimoto palibenso. Bambowo andiuza kuti anamwa botolo limodzi cha m'ma 6 koloko madzulo, choncho sindidzanena kuti sanalawe dontho. Mfundo ya kukhala chete ndaichotsa, ndipo mafunso anga ndidzayambira pa kusiyana kwa mapepala awiriwo. Mawa m'mawa mkazi wawo abweretsa mapepala a kuchipatala.